Mbuye Wabwino ndi Ngongole Zake: Kusiyana kwa Moyo wa Akapolo m'Buku la Solomon Northup

Munthu akamaliza kuwerenga buku la Solomon Northup lotchedwa Twelve Years a Slave, mayina awiri ndiwo amatsalira m'mutu mwake: William Ford ndi Edwin Epps. Woyambayo ndi mbuye wofatsa amene ankasonkhanitsa akapolo ake Lamulungu lililonse n'kumawawerengera Baibulo. Wachiwiriyo ndi chidakwa chokonda chikoti, chimene chikaledzera chinkavinitsa akapolo mpaka pakati pa usiku iwo ali olefuka ndi ntchito ya kumunda. Owerenga ambiri, ngakhale ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, amaika amuna awiriwa pasikelo n'kugamula kuti ukapolo udalipo wopepuka ndi wolemera, ndi kuti tsoka la Northup lidali kugwera m'manja mwa munthu woipa mtima. M'nkhani ino ndikufuna kusonyeza kuti bukuli silitilola kuima pamenepo. N'zoona kuti Northup adalemba mosamala kwambiri za kusiyana kwa chakudya, ntchito, malo ogona ndi zilango pakati pa akapolo. Koma tikatsata bwino ulendo wake kuchoka kwa mbuye uyu kunka kwa uyo, tiona kuti chimene chinkachotsa kapolo pabwino n'kumuponya pamoto, kapenanso kumulanditsa ku imfa, kawirikawiri chidali mtengo wake wa pamsika ndi ngongole za mwini wake. Mtima wa mbuye udali ndi mphamvu ndithu, koma unkalekezera pamene ndalama zayambira.

Tiyambe ndi mbiri ya bukuli mwachidule. Northup adabadwa mfulu m'chigawo cha New York ku America, ndipo ankakhala ndi mkazi wake ndi ana awo atatu m'tawuni ya Saratoga Springs, kumene ankapeza ndalama mwa zina poimba vayolini. M'chaka cha 1841 amuna awiri adamunyengerera kuti apite nawo ku Washington kukaimba. Kumeneko adatsitsimuka ali mu unyolo, m'nyumba yosungiramo anthu ogulitsa, m'manja mwa wamalonda wina dzina lake James Burch. Adamutumiza pa sitima ya pamadzi ku New Orleans, kumene adamupatsa dzina lachilendo lakuti Platt n'kumugulitsa. Adakhala kapolo m'dera la mtsinje wa Red River ku Louisiana mpaka mu Januwale 1853. Bukuli lidatuluka chaka chomwecho, ndipo amene adamuthandiza kulemba adali loya wachizungu, David Wilson. Lidagulidwa kwambiri, kenako lidaiwalika kwa zaka zambirimbiri kufikira mu 1968, pamene Sue Eakin ndi Joseph Logsdon adalisindikizanso atafufuza m'zolembedwa za makhoti ndi m'makalata a malonda n'kupeza kuti anthu ndi malo amene Northup adatchula adalikodi.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Frederick Douglass ndi Harriet Jacobs, amene mabuku awo amaphunzitsidwa kawirikawiri pamodzi ndi ili, adabadwira mu ukapolo. Northup adaulowa ali bambo wa zaka zoposa 30, wodziwa kuwerenga, wozolowera kulandira malipiro pa thukuta lake. N'chifukwa chake amayeza chilichonse: kulemera kwa thonje, kuchuluka kwa nyama ya phoso, m'lifupi mwa thabwa logonapo, masiku a tchuthi cha Khirisimasi. Adagwiranso ntchito zosiyanasiyana kwa ambuye atatu ndi kwa ena amene ankamubwereka: kucheka matabwa, ukalipentala, kuthyola thonje, kudula nzimbe. M'mabuku a mtundu umenewu ndi ochepa amene amapatsa wowerenga mwayi wofananitsa malo ambiri chotere kudzera m'maso a munthu mmodzi.

Phunziro loyamba la kusiyanaku likubwera Northup asanafike n'komwe kumunda. M'nyumba ya Burch muja adalowetsamo mayi wina dzina lake Eliza, atavala zasilika, mphete kuzala ndi ndolo zagolide m'makutu. Kwa zaka 9 mayiyu adali atakhala ndi mwini wake, Elisha Berry, munthu wolemera wa kufupi ndi Washington, amene adamumangira nyumba yakeyake, namupatsa antchito, namulonjezanso ufulu pamodzi ndi ana ake. Mwana wake wamkazi, Emily, adali wa Berry yemweyo. Pa akapolo onse amene tikumana nawo kumayambiriro kwa bukuli palibe amene adakhala mwa wofuwofu kuposa Eliza. Koma chuma cha banjalo chitagawidwa, iye ndi ana ake adagwera m'gawo la mwana wamkazi wa Berry, amene ankadana naye. Mwamuna wa mwana wamkaziyo, Jacob Brooks, adamutengera ku Washington pomunamiza kuti akukamulembetsera makalata a ufulu. Kalata imene idalembedwa tsikulo idali ya malonda. Kutchena kuja n'chifukwa chakuti ankayesa kuti dzuwa la tsikulo lilowa iye ali mfulu.

Ku New Orleans mwana wake wamwamuna, Randall, adagulidwa ndi mlimi wa ku Baton Rouge. Kenako adadza Ford, nagula Eliza pamodzi ndi Northup. Atamva kulira kwa mayiyo adagwidwa chisoni nafunsa mtengo wa Emily, koma wamalondayo, Theophilus Freeman, adakana kumugulitsa: mtsikanayo adali wokongola, ndipo akadzasinkhuka adzapeza naye ndalama zambiri kwa amuna a mumzindamo. Apa m'pamene tikuonera koyamba malire a chifundo cha Ford. Adayesetsa, adalephera, ndipo adanyamuka ndi mayi n'kusiya mwana. Kwa Ford kuja Eliza sadaleke kulira, ndipo misozi yake itatopetsa a m'nyumba adamutumiza kumunda. Pambuyo pake adagulitsidwa motchipa, nakafera m'kanyumba ka akapolo wopanda womusamalira kupatula anzake obwera kuchokera kuntchito usiku. Munthu mmodzi yemweyu adalawa moyo wapamwamba kwambiri ndi wapansi kwambiri umene kapolo akadatha kukhala, ndipo pa masinthidwe onsewo palibe pamene adafunsidwa maganizo.

Za Ford mwini, Northup amalemba momutamanda kwambiri, mwakuti owerenga ena amakhumudwa nazo. Kunkhalango ya mitengo ya paini kumene Ford adali ndi makina ochekera matabwa, akapolo ankadya mokwanira, ankayankhulidwa mwaulemu, ndipo luso lawo linkayamikiridwa. Northup ataganiza zomanga matabwa pamodzi n'kumawayandamitsa pakamtsinje m'malo mowanyamula pangolo, Ford adamulola kuyesa, ndipo zitatheka mbiri yake idawanda m'dera lonselo. Pofuna kufotokoza mmene munthu wopembedza chotero akadakhalira mwini wa anthu anzake, Northup akuti malo amene Ford adakuliramo ndi anthu amene adamuzungulira ndiwo adamuphimba m'maso. Ine kufotokoza kumeneku sindikukhutira nako, pakuti m'buku lomweli muli Samuel Bass, kalipentala wa ku Canada, amene ankatsutsa ukapolo poyera pamaso pa Epps, ndipo m'masiku amenewo nkhani ya kuthetsa ukapolo idali itafala m'dziko lonselo. Ford sadali munthu wosamvapo za mtsutsowu. Komabe tisafulumire kunena kuti Northup adanyengedwa. Mlembi amene akutamanda Ford ndi yemweyo amene akutiuza, mosakweza mawu, zimene zidachitika m'nyengo yozizira ya 1842.

Ford adali atavomera kuti adzabweza ngongole ya mbale wake, Franklin Ford, ngati iyeyo atalephera. Adalepheradi, ndipo khoti lidagamula kuti William alipire. Adagulitsa akapolo 18. Padalinso ngongole ina kwa kalipentala wina woyendayenda, John Tibeats, amene adamumangira nyumba zingapo za ntchito, ndipo pobweza ngongole imeneyi adapereka Northup. Popeza mtengo wa Northup udaposa ngongoleyo ndi madola 400, Ford adalembetsa kuti Northup akhale chikole cha ndalama zotsalazo kufikira Tibeats atazibweza. Mawu akuti chikole ndi oyenera pano kuposa mmene womasulira angayembekezere, pakuti m'chiyankhulo chathu kale ankatchulanso munthu woperekedwa kwa eni mlandu kapena eni ngongole mpaka abale ake atamuwombola.

Chikole chimenechi ndicho mtima wa chochitika chodziwika kwambiri m'bukuli. Atakangana pa nkhani ya misomali, Tibeats adafuna kukwapula Northup, koma Northup adamugwetsa pansi n'kumukwapula iyeyo ndi chikoti chake chomwe. Tibeats adabwerera ndi anzake awiri, nammanga manja ndi miyendo, namuika chingwe m'khosi kuti akamupachike pamtengo. Kapitawo wa munda wa Ford, Chapin, adatuluka ndi mfuti n'kuwaletsa. Adanena kuti wolakwa ndi Tibeats, koma mfundo imene sakadatha kuitsutsa idali yakuti Ford ali ndi madola 400 pa munthuyo, ndipo akamupha ndalamazo zitayika. Amunawo adathawa. Tsono apa wowerenga ayenera kuyang'anitsitsa: Chapin sadamumasule. Northup adaima pomwepo tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo, zingwe zikumudya m'thupi lotupa, kapitawoyo akungoyendayenda pakhonde n'kumayang'ana kumsewu. Mayi wina kapolo, Rachel, ndiye adazemba n'kumumwetsa madzi. Ford adafika dzuwa litapendeka nadula zingwezo. Northup yemwe akuvomera kuti khalidwe la Chapin lidamuzunguza mutu, ndipo akungoganizira kuti mwina ankafuna Ford adzionere yekha zimene Tibeats adachita. Kwa ine tanthauzo lake n'losabisika. Chimene Chapin adateteza ndi katundu wa bwana wake, ndipo katunduyo atapulumuka ntchito yake idathera pomwepo. Ululu wa maola onse aja sudali m'kaundula wa ngongole. Northup akunena yekha poyera kuti moyo wake adaupeza chifukwa cha chikolecho.

Kanema wa Steve McQueen wa mu 2013, amene adachititsa kuti bukuli lidziwikenso padziko lonse, adajambula chochitikachi mwaluso lalikulu, koma adafupikitsa nkhani mwanjira imene imafewetsa mfundoyi. M'kanemamo Tibeats ndi wantchito chabe wa Ford, ndipo Northup akuchoka kwa Ford kupita kwa Epps mwachindunji. M'buku, mbuye wabwino uja adapereka ndi manja ake munthu amene ankamuyamikira kwa munthu wankhanza, pofuna kutseka ngongole ya zomangamanga. Ndi Tibeats amene pambuyo pake, atayesanso kumupha ndi nkhwangwa, adamugulitsa kwa Epps mu 1843.

Mitu imene ophunzira amakonda kuidumpha, yofotokoza kalimidwe ka thonje ndi nzimbe, ndiyo ine ndimaiona kuti ndi yolembedwa bwino koposa. M'menemo Northup akusonyeza kuti mbewu imene kapolo ankalima inkalamula moyo wake mwina kuposa khalidwe la mbuye. M'nyengo yothyola thonje kapolo ankayenera kukhala ali m'munda kukangocha, ndipo ankaweruka mdima utagwa, kupatula mphindi zochepa za chakudya cha masana. Madzulo aliyense ankanyamula dengu lake kupita nalo kusikelo. Muyezo wa munthu wamba udali mapaundi 200, amene ndi pafupifupi makilogalamu 90. Wopereweza ankakwapulidwa. Wopitiriza naye sankapuma, pakuti mawa lake ankayembekezeredwa kufikanso pamenepo. Motero palibe amene ankayandikira sikelo wopanda mantha, wakhama ndi wofooka yemwe. Phoso la sabata yonse kwa Epps lidali mapaundi atatu ndi theka a nyama ya nkhumba yofutsa ndi chimanga chopera ufa wa malita pafupifupi 9, mchere wa apo ndi apo. Bedi la Northup lidali thabwa la mainchesi 12 m'lifupi, mtsamiro wake chikuni. Pofuna ndiwo zina akapolo ankasaka nyama zazing'ono usiku, ndipo Northup adakonza msampha wa nsomba pamtsinje.

M'chaka cha 1845 mbozi zidawononga thonje m'deralo, ndipo eni minda adabwereketsa akapolo awo kuminda ya nzimbe ya ku St. Mary's. Kumeneko ntchito idali yolemetsa kwambiri, popeza m'nyengo yodula ndi kupera nzimbe kudalibe Lamulungu. Akatswiri a mbiri yakale adasonyeza kuti m'maboma olima nzimbe a ku Louisiana akapolo omwalira ankaposa obadwa, pamene m'madera ena a ku America chiwerengero chawo chinkakula. Koma taonani mmene zinthu zidasokonekera: kwa Northup yekha nzimbe zidali mpumulo. Manja ake sadazolowere thonje, mwakuti tsiku loyamba adathyola mapaundi 95 okha, koma pa chikwanje adali katswiri wotsogolera gulu. Kuwonjezera apo, mwambo wa ku Louisiana udali wakuti kapolo akagwira ntchito Lamulungu malipiro a tsikulo ndi ake. Ndi ndalama za ganyu ameneyu zimene akapolo ankagulira mpeni, mphika kapena kansalu, zinthu zimene mbuye sankapereka. Vayolini yake nayo inkamupezera ndalama ndi kumuchotsa kumunda masiku ena pamene azungu afuna woimba pa madyerero awo. Ngakhale tchuthi cha Khirisimasi chinkasiyana: Epps ankapereka masiku atatu, ena anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi. Kusiyana kumeneku kudali kwenikweni, ndipo amene ankakhala m'menemo ankakuwerengera. Tingalakwe kwambiri titanena kuti kwa munthu wanjala ndi wotopa tsiku limodzi lopuma kapena mphika wakewake zidali zopanda pake.

Patsey ndiye amene akumaliza kugwetsa maganizo akuti kapolo waluso kapena wokondedwa ankakhala bwino. Ali mwana adali wapamtima wa mkazi wa Epps, ankaitanidwa pakhonde n'kumapatsidwa mabisiketi ndi mkaka. Atakula Epps adayamba kumugwirira, ndipo mkaziyo, amene Northup akuti kwa akapolo ena adali wachifundo, adasandutsa nsanje yake chidani choopsa pa mtsikanayo. Kumunda Patsey ankathyola mapaundi 500 patsiku, kuposa kuwirikiza kawiri muyezo wa anzake. Mkazi wa Epps adaumiriza mwamuna wake kuti amugulitse. Akadagulitsidwa mwina akadachoka pakati pa moto uwiriwo, koma Epps adakana, ndipo chifukwa chimene Northup akupereka ndi cha ndalama: mtengo umene akadalandira sukadagula wina wothyola thonje lochuluka chotero. Tiikepo pamodzi nkhani ziwirizi. Mtengo wa Northup udamuchotsa chingwe m'khosi, ndipo mtengo wa Patsey udamumangirira kwa munthu womuzunza. Lamulo logwira ntchito pa onse awiri ndi limodzi. Tsiku lina Patsey adapita kwa oyandikana nawo, a Shaw, kukapempha sopo, popeza mkazi wa Epps ankamumana. Atabwerako Epps adamuvula, nammangirira pa zikhomo zinayi pansi, nalamula Northup kuti amukwapule.

Northup adakwapuladi. Akuti adamumenya zikoti zoposa 40 asanataye chikoticho n'kukana kupitiriza, ndipo Epps adachitola napitiriza yekha mwaukali woposa. Apa bukuli likuchita chinthu chimene mabuku ambiri a mtundu umenewu amachizemba, ndiko kuvomera kuti wofotokoza nkhaniyo adali ndi udindo m'dongosolo la nkhanzalo. Kwa zaka 8 Northup adali kapitawo wa akapolo anzake, woyenda ndi chikoti m'khosi. Akufotokoza kuti adaphunzira kuponya chikoti pafupi penipeni ndi msana osaukhudza, anzakewo n'kumakuwa monamizira pamene Epps akuyang'ana chapatali. Wowerenga angathe kukayika ngati zinkatheka nthawi zonse, ndipo tsiku la Patsey likusonyeza kuti Epps akaima pafupi chinyengocho chinkatha. Udindowo unkamupatsa ulemu wina, komanso unkamusandutsa dzanja la mbuye wake.

Mu 1963 Malcolm X adafalitsa fanizo la kapolo wa m'nyumba wokonda mbuye wake ndi kapolo wa kumunda womuda. Ngati chida cha ndale fanizoli lidali lakuthwa, koma ngati mbiri silikwanira, ndipo Eliza ndi Patsey atisonyeza kale kuti mtunda wochokera pakhonde kufika pamzere wa thonje udali waufupi. Buku la Harriet Jacobs, Incidents in the Life of a Slave Girl, la mu 1861, likuwonjezera umboni wochokera m'nyumba mwenimwenimo. Jacobs adakulira m'tawuni ya Edenton ku North Carolina. Mwini wake woyamba adamuphunzitsa kuwerenga ndi kusoka, koma pomwalira adamusiya ngati cholowa kwa kamwana ka mbale wake, ndipo potero adagwera m'nyumba ya dokotala amene adamusautsa pomufuna chiwerewere kwa zaka zambiri. Pomuthawa adabisala pafupifupi zaka 7 m'kadenga ka nyumba ya agogo ake, m'mene munthu sakadatha kuimirira. Douglass, m'buku lake la mu 1845, akuvomera kuti kapolo wa mumzinda wa Baltimore ankadya ndi kuvala bwino kuposa wa kumunda wa Edward Lloyd, kumene ana ankadyera phala m'chomwera ngati nkhumba. Koma nthawi yomweyo akutisonyeza atsikana awiri a kutsidya kwa msewu, Henrietta ndi Mary, okhala mumzinda momwemo, owonda ndi odzala zipsera. Akusimbanso za kapolo wina amene adafunsidwa panjira ndi mzungu wosamudziwa ngati mbuye wake amamusunga bwino. Adayankha zoona kuti ayi, osadziwa kuti wofunsayo ndi Lloyd mwini, ndipo patapita masabata ochepa adagulitsidwa kwa wamalonda wa ku Georgia. Nkhani imeneyi iyenera kutichenjeza pa umboni uliwonse wa kapolo wotamanda mbuye wake. Ikutikumbutsanso kuti kusiyana kwa malo kudali chida m'manja mwa ambuye: pakati pa 1790 ndi 1860 akapolo pafupifupi miliyoni imodzi adasamutsidwa kuchoka kumadera akale monga Virginia ndi Maryland kupita kuminda ya thonje ndi nzimbe ya kummwera, ndipo kuopseza munthu kuti agulitsidwa kumeneko kunkagwira ntchito ngati chikoti. Douglass yemweyo adakonza zothawa koyamba ali kwa William Freeland, mbuye amene iye akuti adali wabwino kuposa onse.

Mtsutso wa akatswiri pa nkhaniyi ndi wakale. Ulrich B. Phillips mu 1918 adajambula munda wa akapolo ngati sukulu yotukula anthu, Kenneth Stampp adamutsutsa mu 1956, ndipo mu 1974 Robert Fogel ndi Stanley Engerman adabwera ndi ziwerengero zofuna kusonyeza kuti akapolo ankadya mokwanira ndi kuti sankakwapulidwa kawirikawiri monga anthu amaganizira. Chimene chimandithandiza powerenga Northup ndi mfundo imene Eugene Genovese adapereka mu 1969, yakuti anthu akamakangana za kasamalidwe ka akapolo amasakaniza zinthu zitatu zosiyana: za tsiku ndi tsiku monga chakudya, zovala ndi maola a ntchito; za moyo wa munthu pakati pa anzake monga banja ndi chipembedzo; ndi mwayi wopeza ufulu. Tikayeza Ford ndi miyezo imeneyi, pa woyamba akupambana kutalitali. Pa wachiwiri, adagula mayi n'kusiya mwana ndipo adagulitsa anthu 18. Pa wachitatu iye ndi Epps ali chimodzimodzi. Northup sadayerekeze n'komwe kuuza Ford kuti ndi mfulu wobedwa, ngakhale pambuyo pake adadandaula kuti mwina akadatero.

Kwa ife a kuno kum'mwera ndi pakati pa Africa mtsutsowu si wachilendo. Timamva kawirikawiri kuti ukapolo wa pamudzi udali wofatsa poyerekeza ndi wa kutsidya kwa nyanja, popeza kapolo ankadya ndi a pabanja, ankakwatiwa pamudzi pomwepo, ndipo zidzukulu zake zinkasanduka abale. Suzanne Miers ndi Igor Kopytoff mu 1977 adafotokoza ukapolo wa mu Africa ngati njira imene mlendo ankalowera pang'onopang'ono mu ubale. M'mfundoyi muli zoona, monga mmene mulili zoona m'matamando a Northup pa Ford. Koma m'mitundu yotsata mbumba ya kuchikazi, mwamuna ankakonda mkazi kapolo chifukwa chakuti adalibe nkhoswe kapena mlongo wodzatenga ana, ndipo njala, mlandu kapena ngongole zikadza, wopanda nkhoswe ndiye ankayamba kuperekedwa kwa amalonda opita ku Kilwa. Mbiri za amayi za m'dera la pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, zimene Marcia Wright adasonkhanitsa m'buku lake la mu 1993, zikusonyeza anthu opatsiridwa kuchoka m'manja awa kunka m'manja awo, lero mwana wa m'nyumba, mawa malipiro a mlandu. Sindikunena kuti maukapolo awiriwa adali amodzi, pakuti wa ku America udamangidwa pa mtundu wa khungu ndi pa malamulo olembedwa otsekereza mibadwo yonse. Ndikungoti funso limene Northup akutiphunzitsa kufunsa, lakuti chidzachitike n'chiyani mbuye wofatsayo akagwa m'ngongole kapena akamwalira, ndi loyenera kufunsidwanso pa mbiri yathu.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Dzanja la David Wilson limaonekera m'malo amene chisoni chimakutidwa ndi mawu okometsera a nthawi imeneyo, makamaka pa imfa ya Eliza, pamene kufotokoza kosakongoletsa kukadapweteka koposa. Chofooka china ndi chozama. Nkhani yonse yamangidwa pa mfundo yakuti Northup adali mfulu wobedwa, ndipo wowerenga wa ku New York wa mu 1853 akadatha kukwiya ndi kubedwako koma osakhudzidwa kwenikweni ndi anthu pafupifupi mamiliyoni anayi amene pofika mu 1860 lamulo linkawatcha akapolo ovomerezeka. Ndikuganiza kuti Northup ankalidziwa dzenje limeneli, ndipo adalizemba mwa njira imene adajambulira tsiku lake lomaliza kwa Epps.

Mu Ogasiti 1852 Bass adalemba makalata mobisa kupita ku New York. Lamulo la chigawocho la mu 1840 linkapatsa bwanamkubwa mphamvu yotuma munthu kukawombola nzika zobedwa, ndipo wotumidwayo adali Henry B. Northup, loya wa m'banja limene kale lidali eni ake a bambo a Solomon. Adafika ku Louisiana ndi makalata osainidwa ndi anthu olemekezeka, ndipo kumayambiriro kwa Januwale 1853 adalowa m'munda wa thonje pamodzi ndi wapolisi wamkulu wa bomalo. Wapolisiyo adafunsa Platt ngati ali ndi dzina lina, ndi mayina a mkazi wake ndi ana ake. Epps ataona makalatawo adadziwa kuti kukhoti sakapambana, ndipo chimene chidamupweteka koposa chidali ndalama zimene adataya. Pobwerera kwawo Northup adasumira Burch ku Washington, koma khoti lidakana kumva umboni wake chifukwa adali wakuda, ndipo Burch adamasulidwa. Ngolo ikunyamuka pa munda wa Epps, Patsey adathamanga n'kumukumbatira akulira. Northup atacheuka adamuona atakhala pansi, mutu uli wowerama. Abram, Bob, Wiley ndi Phebe adali ataima pachipata. Ngoloyo idakhota pamtsinje, ndipo m'bukuli sitiwaonanso.